Madzi a kubafa akuyandikira chitsime chathu, tichite bwanji?

Nachisale wa ku Chipoka:
Abale, ndigawireniko nzeru. Kuno tilipo mabanja 14 omwa chitsime chimodzi. Madzi a kubafa, ochapira ndi otsukira nsomba onse amatsata kangalande kamodzi n'kukadikha kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, pafupi zedi ndi chitsimecho. Pamenepo pada bii, fungo lake losanena, abakha ndiye apeza nyanja yawo. Chaka chatha anyamata anakumba dzenje loti madziwo azimwerera, koma atangofika m'chiuno anakumana ndi madzi. Mvula ya Januwale itabwera dzenjelo linagumuka, zimbudzi ziwirinso zinatitimira. Bambo a kunyumba akuti tisonkhe timange septic tank imodzi ya tonse, ija thanki ya pansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi ndi madzi akuda. Ine mtima ukukana. Alipo anayesapo pamchenga ngati wathuwu?

Mmisiri wa ku Benga:
Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Septic tank siyeretsa madzi. Ntchito yake n'kukhazika zolemera pansi, mafuta n'kuyandama pamwamba, koma madzi otulukamo amakhala adakali ndi tizilombo. Chimene chimamaliza ntchito ndi dothi louma limene madziwo amadutsamo. Ndiye ngati inu mukupeza madzi m'chiuno, dothi loumalo lili kuti? Mudzangotumiza zoipa kuchitsime ndi ndalama zanu zomwe. Komanso thankiyo imafuna zimbudzi zogejemula, ndipo ikadzaza muitane galimoto yopopa. Ifika kumudziko mwezi wa Febuluwale?

Lekanitsani zinthu ziwirizi: za kuchimbudzi ndi madzi a kubafa. Chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchoka pachitsime, chakumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenje patalikirane ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka. Kwanuko zimenezi zikutanthauza kumanga chokwera m'mwamba ndi njerwa, osati kukumba mozama.

Za kubafa n'zosavuta. Dulani mgolo pakati, madzi aziyamba agwera mmenemo kuti mafuta, mamba ndi nyenyeswa za nsima zizitsalira, muzichotsa sabata iliyonse. Kuchoka apo alowe mungalande yotambalala koma yosazama, yofika m'mawondo basi, yodzaza miyala ing'onoing'ono, mubzalemo bango. Pansi pake tsirani dongo kapena yalani pulasitiki wokhuthala. Ine koyamba ndinaumira pulasitiki, madzi onse anathawira mumchenga, bango n'kuuma.

Agogo a Linga:
Kwathu ku Nkhotakota tinasiya kalekale kulimbana ndi maenje akuya. Chimbudzi changa ndi cha maenje awiri aafupi, chija amati Fossa Alterna. Ukatha kudzithandiza umathira phulusa ndi dothi. Dzenje likadzaza umatseka n'kusamukira linalo, pakatha chaka umafukula manyowa ngati dothi la kudimba. Nthochi zanga zimadya amenewo. Vuto ndi alendo, mwanangu. Pamaliro a achimwene anthu ankathiramo madzi osambira, chinanunkha mwezi wathunthu. Ana nawonso phulusa amaiwala, ndiye chidebe chake ndimachiika pakhomo penipeni kuti achite kuchipunthwa.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road:
Zomangazo zitenga nthawi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tinaiona ndi maso. Pitani kwa alangizi a zaumoyo mukatenge klorini, madzi a pachitsimecho musamwe osathira. Ndiponso pangalande ya bangoyo madzi azidutsa pansi pa miyala. Akaonekera pamwamba mwaweta udzudzu.

Nachisale wa ku Chipoka:
Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo a kunyumba, angoti "hmm" n'kutuluka, koma ndawaona akuyeza ndi mapazi kuchoka pachitsime. Mgolo ulipo, unali wa phula. Koma amisiri, mbuzi za kuno sizisiya chobiriwira chilichonse. Bangolo tilitchingire ndi minga, kapena vetiva angachite bwino m'malo mwake?