Odziwa za maboti pa damu la McAlpine, ndithandizeni

Abale, ndimakhala ku Louisville, ndipo alamu anga agula kaboti ka injini. Akufuna Loweruka tikawedze kumunsi kwa damu la McAlpine pa mtsinje wa Ohio, lija limayang'aniridwa ndi U.S. Army Corps of Engineers. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, bwato ndimalidziwa, koma nyanja si damu. Madzi otuluka pazipata za damulo amazungulira n'kukokera boti kukhoma, ndipo kainjini aka sikangalimbane nawo.

Kodi zizindikiro zoyandama zoletsa kulowa zija zili patali bwanji ndi zipatazo? Sayirini yochenjeza ikalira, nthawi yothawa imakwanira? Nanga pofuna kudutsa pa loko (malo amene amakweza kapena kutsitsa madzi kuti maboti adutse damu), timaitana pa wailesi kapena timangodikira mabaji, maboti akuluakulu onyamula katundu aja, adutse kaye?

Vuto lina: alamuwo akukana jekete yoyandamitsa, akuti imatentha. Ndiwauze bwanji osawakhumudwitsa?