Alipo anadwalitsapo munthu wamkulu chotupa cha mu ubongo?

Abale ndithandizeni maganizo. Akulu anga a zaka 34 akhala akudwala mutu miyezi ingapo, m'mawa kusanza, kuyenda dzandidzandi ngati aledzera pomwe mowa salawa n'komwe, ife tinkangoti ndi malungo. Manje MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) yaonetsa chotupa kumbuyo kwa ubongo, adokotala ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, akuti mwina ndi medulloblastoma, khansa ija imagwira kwambiri ana, kwa akuluakulu njosowa. Akuti opaleshoni kaye, kachidutswa akakapime, kenako radiotherapy (kupha khansa ndi cheza champhamvu) ya mutu ndi msana wonse ku Cancer Diseases Hospital, mwinanso kemo (mankhwala amphamvu a khansa). Amayi ku Chawama tulo palibe, angoti zong'amba mwana wanga mutu ayi. Amene munadutsamo, NHIMA, inshuwaransi ya boma ya zaumoyo ija, imalipira mpaka pati, nanga munthu amayambanso kuyenda bwino pakapita nthawi yaitali bwanji?