Fodya wachita chikasu pomwe tinathira manyowa ambiri

Mlangizi wa ku Santhe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mlimi wina wa kalabu yanga ali ndi ekala imodzi ya fodya wa bale, anawokera sabata yoyamba ya Disembala. Feteleza wa Super D anathira, wa CAN anathiranso, koma fodya wakana. Chondizunguza mutu n'chakuti kumtunda kwa munda, komwe anakwirira mapesi ndi zitosi za nkhuku pounga mizere, n'komwe kwachita chikasu kwambiri. Dzuwa likamaswa mtengo masamba akumalefuka ngakhale pansi pali chinyezi. Za manyowazo ndinamulimbikitsa ndine, ndiye panopa akundiyang'ana ndi diso lofiira.

Madala a ku Mkanda: Achimwene, mwazulako ngakhale mtengo umodzi? Matenda a fodya sitifunsa masamba okha. Komanso mundawo walimidwa fodya zaka zingati zotsatizana, ndipo zitosizo zinali zowolerana kapena zongochoka m'khola?

Mlangizi wa ku Santhe: Chaka chachinayi chino, madala. Zitosi anagula kwa woweta nkhuku zanyama, zosakanikirana ndi utuchi, n'kuthira sabata yomweyo. Kuzula sindinazule, mwini munda amakaniza.

Mayi a ku labu: Pamenepo theka la yankho mwalinena kale. Mapesi ndi utuchi zili ndi kaboni wochuluka koma nayitrojeni wochepa. Mabakiteriya ndi nkhungu za m'nthaka zikapeza chakudya chotere zimaswana mofulumira, ndipo kuti zimange matupi awo zimatenga nayitrojeni yemwe ali pafupi, kuphatikizapo wa CAN uja. Fodya amatsala akuonerera. Nayitrojeniyo sanathawe, adzabwerera tizilomboto tikamafa, koma mwina mochedwa, nthawi yomwe mukufuna kuti tsamba likhwime. Zitosi zaziwisi nazo zimatulutsa amoniya yemwe amawaula timizu tanthete ta mbande yongowokera kumene.

Madala a ku Mkanda: Zoona mayi, koma chikasu cha njala sichilefula fodya masana. Apo pali china pansi. Achimwene, gulani mitengo itatu ya fodyayo ngati akukaniza. Kumbani ndi khasu, osamwetula, mutsuke mizu. Kenako dulani tsinde cha m'munsi, muliviike m'tambula yagalasi ya madzi oyera osaigwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, ndi matenda ofota a bakiteriya aja amati Granville wilt. Mukapanda kuona, yang'anani zotupa m'mizu.

Mlongo wa ku Mponela: Ndipo musasokoneze ndi timibulu ta mizu ya mtedza kapena soya. Timeneto n'tabwino, timathothoka mukatikhudza ndi chala. Fodya alibe timeneto. Chotupa cha manematodi, tinjoka ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, ndi muzu weniweniwo wofufuma, sichichoka.

Mlangizi wa ku Santhe: Ndabwerako. Madzi a m'tambula angokhala mbee. Koma mizu, abale inu, ili ngati mikanda, ina yayamba kuwola kunsonga. Mapesi ndawapeza akadali athunthu m'mzere, chiswe chili yakaliyakali. Ndayezanso dothi ndi kachipangizo ka ku ofesi, pH, muyeso wa asidi m'nthaka, ikusonyeza 4.8.

Mayi a ku labu: Kachipangizoko musakakhulupirire kotheratu, tumizani dothi kwa akafukufuku a zaulimi ku Chitedze kapena ku bungwe lofufuza za fodya la ARET akakuuzeni mlingo wa laimu. Koma ngati 4.8 ndi yoona, asidi wachuluka. Fodya amakondwa pakati pa 5.5 ndi 6 kapena kupitirira pang'ono. Pansi pa 5 aluminiyamu amasungunuka n'kumapha nsonga za mizu, fosifolasi wa Super D amamangika, ndipo mabakiteriya ambiri othandiza, monga omwe amasandutsa amoniyamu kukhala nayitireti, amagwira ntchito mwaulesi. Feteleza wa nayitrojeni chaka ndi chaka, makamaka yuriya ndi SA (salifeti wa amoniya), ndiye amakankhira nthaka kumeneko. Muzu wobooledwa ndi manematodi ndi khomo lotsegula, nkhungu zowoletsa zimangolowa.

Mnyamata wa kontirakiti: Bwanji angothira laimu wambiri pompano, aphe zonse kamodzi?

Mayi a ku labu: Ayi achimwene, laimu si mankhwala ophera. Amafuna miyezi iwiri kapena itatu atasakanizidwa ndi dothi lonyowa, ndiye wa pamwamba pa mzere mu Januwale sapulumutsa fodya ameneyu. Mukapyolanso muyeso, pH n'kudutsa 6.5, mwaitana matenda odetsa mizu omwe amakonda nthaka yopanda asidi. Agule wa dolomite kuti apezeretu maginiziyamu.

Madala a ku Mkanda: Ine chaka chino ndingachite zochepa. Abandire, akweze mizere kuti fodya atulutse mizu yatsopano pamwamba pa yodwalayo, awonjezere CAN pang'ono kumtunda kokhako, msanga asanathene. Akamaliza kuthyola azule ziputu zonse, mizu iume padzuwa, atenthe. Asayerekeze kuziponya pa kompositi, matenda a mozeki ndi manematodi zidzabwerera m'munda pa ngolo yake yomwe. Ndinaziona ndi maso pa esiteti ina yomwe ndinkagwirako ntchito: tinkasangalala kuti mulu wakula, osadziwa kuti tikuweta matenda.

Chachikulu, munda umenewo upume kwa fodya zaka zitatu. Kale m'maesiteti tinkadzala udzu wa Katambora, manematodi ankafa ndi njala. Wa ekala zochepa sangakwanitse, koma mtedza ndi chimanga angathe. Asaikemo tomato, mbatatesi, therere kapena maungu, zimenezo n'zodyera za tinjokato.

Mlongo wa ku Mponela: Pa manyowa musabwerere m'mbuyo, alangizi, vuto linali kapangidwe. Mapesi omwewo, zitosi zomwezo, aziwaze, asakanize ndi masamba aawisi ndi phulusa pang'ono, apange kompositi wa chimato kapena wa changu mu Meyi kapena Juni. Mulu ukatentha mpaka ndodo yolowetsa pakati kutuluka yofunda, njere za udzu ndi tizilombo tambiri toyipa zimafa. Ukazizira mumadzaza ena abwino, monga nkhungu ya Trichoderma, omwe amalimbirana malo ndi oyipa aja pamizu, ndipo zilipo nkhungu zina zomwe zimakola manematodi n'kuwadya. Akapsa amanunkhira dothi la m'nkhalango, phesi silizindikirikanso.

Mayi a ku labu: Kungowonjezera: zitosi ndi ndowe zimakhala ndi kolorayidi. Akachuluka tsamba limachedwa kuuma m'chigafa, limakoka chinyezi, ndipo siliyaka bwino. Ine ndimakonda manyowa ambiri apite ku chimanga chotsogola, fodya adzadye zotsalira.

Mlangizi wa ku Santhe: Zikomo nonse. Mizu ija ndamuonetsa, wangoti kukamwa yasa, ndipo wavomera kuti mtedza ulowe kumtundako chaka chamawa. Waululanso kuti nazale yake wakhala akuika pamalo amodzi kudimba, pomwe amalimapo tomato m'chilimwe.

Madala a ku Mkanda: Ndiye tinjokato anabwera nato yekha pa mbande. Mawa mukadzere kudimbako ndi khasu, mutijambulire mizu ya tomatoyo.