Za wailesi ya m'galimoto ija, vuto lapezeka

Abale, ndabweranso pa nkhani ndinafunsa ija, yoti wailesi ya mu Toyota Sienta yanga yochokera ku Japan imangogwira masiteshoni awiri atatu kuno ku Salima, kwinaku n'kumangoti waaa. Ambiri munati vuto ndi eriyo. Ayi ndithu, eriyo ilibe mlandu.

Mmisiri wa zamagetsi a galimoto wandifotokozera kuti mawailesi ambiri a ku Japan amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz basi, pomwe kwathu kuno masiteshoni amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye kuti siteshoni iliyonse yopitirira 90 wailesiyo siiidziwa n'komwe.

Anandiikira kachipangizo kotchedwa band expander pakati pa eriyo ndi wailesi. Ntchito yake n'kutsitsa manambala: ngati ndi ka 20 MHz, siteshoni ya pa 100 mumaipeza pa 80. Poyamba zimasokoneza mutu, koma mukasunga pamabatani zatha. Panopa masiteshoni akugwira ambiri, kungoti ena awiri amagwera malo amodzi n'kumalimbirana.

Mumsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota ikumveka bwino. Pokwera mapiri a ku Mvera mu M14 imadukabe, FM ndi mapiri sizimvana, palibe chipangizo chingathetse zimenezo. Kumeneko ndimamvera nyimbo za mufoni kudzera pa ka Bluetooth kobaya poyatsira fodya.

Chenjezo kwa anzanga a matakisi: matchaja otchipa aja amalowetsa phokoso muwailesi. Yambani mwazula kaye musanathamangire kwa mmisiri.