Amayi anga a BP agwa kawiri mwezi uno, nditani?

Wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Abale ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74, amadwala BP, tikukhala nawo kuno ku Ndirande. Mwezi uno agwa kawiri, kachiwirika chigongono chinatupa. Ine ndimalawirira ku geni ku Limbe, kubwera kutada. Achemwali anga ali ku Joni koma chidutsire Isitala sanatumizeko olo kobiri, ntchito kujambulitsa basi. Alandilodi masitepe akukana kukonza, koma lendi akweza. Akazi anga akuti atopa. Mutu wanga waima.

Bambo a Tadala: MCHERE! Mukupha makolo ndi mchere inu. M'ndiwo mchere, m'therere soda, pamwamba timakyubu, wina n'kuwazanso wina pambale. Ine ndinausiya, panopa phiri la Soche ndimakwera osapumira.

Namwino wopuma: Achimwene, amagwa nthawi yanji, nanga akumwa mankhwala ati? Onani m'buku lawo lakuchipatala. Munthu wachikulire akadzuka mothamanga BP imatha kutsika, m'maso n'kuchita mdima, makamaka ngati awonjezeredwa mankhwala posachedwa. Kuchipatala akawayeze atagona, kenako ataimirira. Nambala yam'mwamba ya BP ikatsika ndi 20 kapena kuposa, adokotala adziwa pogwira. Koma asasiye okha mankhwala.

Bambo a Tadala: Munthu wa BP yokwera, inu mukuti ikutsika? Mayi musasokoneze anthu.

Make Pempho: Apongozi anga anaterereka pa ndere ku bafa, fupa la m'chiuno linathyoka. Miyezi itatu ndikuwasambitsa ndekha, ana awo ali phee. Kukwatiwa ku banja lalikulu musamakusirire.

Mfana wa ku Bangwe: Ku Ndirande ndi mitunda imene ija ngakhale ine wa zaka 25 ndimagwa, makamaka pa Loweruka.

Bambo a Tadala: Iwe umagwa ndi kachasu, pano tikukamba za makolo. Ndipo mwana wamwamuna kudandaula za ndalama za mlongo wake, manyazi mulibe? Simenti thumba limodzi masitepewo atha.

Mlongo mwa Ambuye: Bambo a Tadala, mumadziwa mtengo wa simenti inu? Munthu wabwera ndi misozi.

Namwino wopuma: Ngati mankhwala awo a BP ali aja otchedwa HCTZ, amakodzetsa, n'chifukwa chake amamwa m'mawa. Usiku aikireni ndowa ndi tochi pafupi, asamatuluke mumdima magetsi akazima. Podzuka ayambe akhala kaye pabedi. Madzi azimwa ndi kutentha kuno, ndipo patapata wakutha uja tayani. Akadzamenyetsa mutu, kapena kamwa kupotoka, mkono kufooka, thamangirani ku Queens osadikira kuche.

Bambo a Tadala: Zonsezo n'zabwino koma mchere.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Wina watumizira achemwali anga zimene ndalembazi, andizindikira, panopa foni sakuyankha. Amene wachita zimenezi Mulungu akuone.

Namwino wopuma: Achimwene, dzina la mankhwala lija?