Kodi anthu a mu Tokyo Story ankachita sewero, kapena anangowajambula ali pakhomo?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:
Abale, ndithandizeni. Alamu anga a ku Moatize anandiikira pa fulashi filimu yakale ya ku Japan, Tokyo Story ya Yasujiro Ozu, ya 1953, mawu ake olembedwa pansi m'Chipwitikizi. Mulibe ndewu, mulibe mfuti. Nkhalamba ziwiri zikuchoka ku Onomichi kukaona ana awo ku Tokyo, koma anawo ali pikitipikiti ndi zawo: wina ndi dokotala, wina ali ndi saluni. Amene akuwasamala ndi Noriko, mpongozi wawo, yemwe mwamuna wake anatsala kunkhondo. Chandizunguza n'chakuti palibe amene akuoneka kuti akuchita sewero. Bambo uja amangokhala pamphasa kudzikupiza mphepo, kuyankha mawu awiri atatu, basi. Kodi amenewa anali akatswiri, kapena Ozu anangotola anthu m'mudzi?

Wa ku Matundo:
Aphunzitsi, anali akatswiri enieni, ndipo mudabwa. Chishu Ryu, amene ali bambo wokalambayo, anabadwa mu 1904. Werengani nokha: anali asanakwanitse n'komwe zaka 50! Ukalamba wonsewo ndi ntchito: msana wowerama, mawu otuluka pang'onopang'ono. Ozu sankasiya munthu achite mmene wafunira. Ankabwerezetsa kachinthu kamodzi kambirimbiri, kakwezedwe ka kapu, kumene maso ayang'ane, mpaka kudzionetsera konse kuthe. Kamera ankaiika pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndipo siyendayenda. N'chifukwa chake mumamva ngati mwakhala nawo m'nyumbamo.

Mayi wa ku Zobwe:
Ine amene anandigwira mtima ndi Shige, wasaluni uja, wosewera Haruko Sugimura. Mwamuna wake wagulira apongozi makeke, iye n'kudandaula kuti ndi odula. Amayi ake atadwala mwakayakaya, akufunsa mchimwene wake ngati atengeretu zovala za maliro. Pamaliropo analira zenizeni, koma misozi isanaume wayamba kale kufunsa za zovala za malemu. Si mfiti ayi. Tonse tinamuonapo pasiwa mayi wotere, ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene amathamangathamanga kuti anthu adye. Onaninso paja anawo anatumiza makolowo ku Atami, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kuti akapume, osagona usiku wonse chifukwa cha phokoso la achinyamata. M'mawa mayi wokalambayo pofuna kuimirira m'mbali mwa nyanja akuchita chizungulire, n'kunena kuti si kanthu. Palibe kukuwa, koma ine pamenepo ndinadziwa kuti maliro ayandikira.

Mnyamata wa ku Furancungo:
Akuluakulu, pepani, ine ndinagona pakati. Komanso musati a ku Japan onse anali ofatsa chonchi. Mu Seven Samurai ya Akira Kurosawa, ya 1954, Toshiro Mifune amalumpha, kukuwa, kudzikanda, koma mumakhulupirirabe kuti ndi mwana wa mlimi amene akunamizira usilikali. Aphunzitsi, yesani Ikiru ya 1952, muone nkhope ya Takashi Shimura atadziwa kuti ali ndi khansa ya m'mimba. Alamu anuwo ngati ali nayo, anditumizireko pa chapa.