Za milamba yanga ya zilonda zofiira ija

Anzanga oweta nsomba, ndinafunsa chifukwa chake milamba ina m'damu langa ku Lunzu inkafa ndi zilonda zofiira komanso mimba yotupa, pamene ina m'madzi omwewo inali bwinobwino. Zikomo nonse amene munayankha.

Alangizi a za nsomba ataziona anati zizindikirozo zikufanana ndi za bakiteriya wotchedwa Aeromonas hydrophila, amene amakhala m'madzi nthawi zonse, kudikira nsomba yofooka. Anaonetsetsanso kuti si EUS, matenda ena a zilonda za nsomba aja anabuka ku Mchinji mu 2020, poti amenewo sayamba ndi bakiteriya.

Chimene chandigwira mtima ndi chitetezo chimene mlamba umabadwa nacho. Zoterera za pakhungu zija zili ndi lysozyme, yemwe amaswa khungu la mabakiteriya. Akalowabe m'thupi, jini (kalangizo kachibadwa ka m'thupi) yotchedwa TLR5 imapanga puloteni yozindikira kamchira kamene bakiteriya amasambirira, ndipo thupi limadzuka msanga. Chiwindi nacho chimatulutsa hepcidin wambiri, amene amapha tizilomboto ndi kutimana ayironi. Nsomba zimasiyana mmene majiniwa amayankhira, n'chifukwa chake zina zimapulumuka.

Koma nsomba zikathithikana, madzi akada, kapena kukazizira ngati mu June kuno ku Blantyre, chitetezochi chimatsika.

Ndachepetsa nsomba m'damumo, ndikusintha madzi pafupipafupi, ndipo pozisankha tikugwira ndi manja onyowa kuti zoterera zisachoke. Kufa kwachepa kwambiri. Milamba imene yapulumuka ndikuisunga kuti ikhale makolo a mbewu yotsatira.